Mwana wa Kapitawo

Bambo anga anali kapitawo pa esiteti ku Chamama.
Ndinkachita nazo manyazi.
Matenanti ankawatcha galu wa bwana,
bwana ankawatcha loya wa matenanti,
madzulo ankafika mapewa atagwa,
fungo la fodya litakakamira m'malaya.
Ndinalumbira: ndidzawerenga mpaka pothera mabuku,
sindidzaima pakati pa anthu awiri.

Lero pachitseko changa, pa koleji yoyang'anizana ndi phiri la Kasungu,
alembapo ndi penti woyera:
Dokotala Tamanda Chikhosi, Mkulu wa Dipatimenti.

Lolemba kalata yatsika kuchokera kumwamba, chidindo chili psuu.
Onjezerani ophunzira makumi asanu ndi anayi.
Ndalama za mphunzitsi watsopano palibe.
Pamapeto mawu awiri: onetsetsani zatheka.
Chipinda chathu chili ndi mipando makumi anayi,
itatu imaima pa njerwa.

Lachiwiri alowa a Zgambo, aganyu athu a masamu,
miyezi inayi osalandira,
komabe m'mawa uliwonse amatsika minibasi ya ku Nkhamenya.
Sakalipa. Angoika choko patebulo langa
pang'onopang'ono, ngati dzira.
Ine cheke sindisunga.
Ndimasunga kiyi wa kabati ya mapepala basi.

Kenako Ndaziona, wa chaka chachitatu, maso ofiira:
malikisi ake anapsera m'laputopu ya mphunzitsi
tsiku lomwe magetsi anabwera ndi ukali.
Tinafufuza m'makatoni mpaka dzuwa kulowa,
fumbi m'mphuno, mphemvu zikuthawa,
tinalipeza pepala lake pansi pa maminitsi a chaka chatha.

Zimenezi palibe anandiphunzitsa.
Digiri yanga ndi ya tizilombo ta m'nthaka.
Siinena mawu oti uwasadze minga usanatsike nawo,
kapena oti uwanole usanakwere nawo.
Siinena kuti mlembi wamkulu umufikire atadya,
kuti a Kamtedza ndi mayi Nabanda,
amene sapatsana moni chichokereni kumaliro kuja,
usawaike khonde limodzi pa ndandanda wa maphunziro.
Ndimasoka ndandandawo usiku ndi tochi ya foni,
ndikazigamba apa, pang'ambika apo.

Lachinayi ndinakwera masitepe.
Chipinda chozizira, madzi a m'botolo, masuti.
Ndinati, sindisayina.
Mawu ananjenjemera, koma anatuluka.
Ndinati, bwerani mawa seveni koloko
mudzaone ana akulembera pa maondo,
ena pawindo ngati akuonera mpira wa mwini.
Kunagwa chete. Wina anatsokomola.
Tinakokana mpaka tiyi kuzizira.
Ndinatsika ndi ophunzira makumi asanu m'malo mwa onse aja,
ndi malipiro a miyezi iwiri a a Zgambo.

Pansi anati, mwatigulitsa.
Kumwamba akuti, mayi uja ndi wamakani.
A Zgambo anabwera kudzatenga choko chawo,
osanena kanthu.

Ndili m'khondemo ndinakumbuka tsiku lina pa sikelo:
kalaliki akufuna kudya makilo a belo la tenanti,
bambo anawerenga nambala mokweza
mpaka shedi yonse inamva.
Palibe anawathokoza.
Sabata imeneyo bwana anawadula malipiro,
tenantiyo anapitiriza kuwalambalala panjira.

Loweruka ndinapita ku Chamama ndi shuga ndi mankhwala a chifuwa.
Akalamba, maso achita nkhungu.
Anafunsa, kodi mwanawe, ntchito yakoyo kwenikweni ndi yotani?
Ndinafuna kuyamba za komiti, za bajeti, za ndondomeko,
koma ndinangoti, ndine kapitawo, bambo.

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira.
Atapuma anapukuta misozi ndi chipewa,
nati, ndiye uzidyeratu m'mawa,
masana sadzakupatsa mpata.